Tili limodzi kuti titani? Mafunso ndi mayankho pa cholinga cha banja

Okwatirana akamapita kwa mlangizi wa mabanja sanyamula nkhani zozama za moyo. Amanyamula nkhani ya foni imene yayamba kugona pansi pa pilo, ya ndalama zimene zinapita kumudzi mwakachetechete, ya mlamu amene anabwera kudzacheza sabata ziwiri koma pano akulowa chaka chachiwiri. Komatu akatswiri amene athera zaka zambiri akumvetsera mikangano ya m'nyumba amati kuseri kwa madandaulo otere kumabisala funso limene awiriwo mwina sanafunsanepo chilowereni m'banja: ukwati wathuwu ndi wa chiyani?

Kodi za "cholinga cha banja" si nkhani ya anthu ophunzira ndi okhuta?

Ayi ndithu. Funsani mayi amene amalawirira kukapikula tomato chifukwa chake amadzivutitsa chotero, sachedwa kuyankha: mwana amalize Fomu 4, tichoke m'nyumba ya lendi. Ameneyo ali ndi cholinga ngakhale sanatsegulepo buku la za maganizo. Akatswiri awiri, Frank Martela wa ku Finland ndi Michael Steger wa ku America, analemba mu 2016 kuti munthu akamati moyo wake uli ndi tanthauzo amakhala akunena zinthu zitatu: zimene zikumuchitikira zikumveka mutu wake, ali ndi kumene akulowera, ndipo akudziona kuti ndi wofunika. Zitatuzi ziikeni m'nyumba ya anthu awiri. Tikamasimba mbiri yathu, timasimba nkhani imodzi? Pali chimene tikulimbana nacho limodzi? Nditachoka lero, mnzangayu angasowe ineyo, kapena angangosowa wophika ndi wolipira lendi? Chomalizachi ndicho chimawawa kwambiri chikasowa, ndipo ndicho anthu amachedwa kuchitchula.

Ngati timakondana, pafunikanso chiyani?

Chikondi cha masiku a chibwenzi, chija chosagonetsa tulo, chimazilala, ndipo kuzilala kwakeko si umboni woti munalakwitsa posankhana. Vuto limabwera mukamayeza banja ndi chimwemwe chokha, chifukwa chaka chilichonse chovuta chimaoneka ngati banja lafa. Mu 2013 Roy Baumeister ndi anzake anafalitsa kafukufuku wosiyanitsa moyo wachimwemwe ndi moyo watanthauzo. Ziwirizi zimayendera limodzi nthawi zambiri koma sizofanana. Chimwemwe chimatsamira pa kupeza zimene ukufuna lero, pamene tanthauzo limatsamira pa kupereka kwa ena ndi kulumikiza zadzulo, zalero ndi zamawa, ndipo nthawi zina limabwera ndi nkhawa zochuluka. Amene anakhalapo gadiyani kuchipatala akudziwa. Mkazi amene wagona pa simenti sabata zingapo, akuphika phala pa mafuwa kuseri kwa wodi n'kumamwetsa mwamuna wake ndi supuni, sali pa chisangalalo. Koma mutamuuza kuti akutaya nthawi angakudabweni.

Maganizo amenewa anayamba ndi ndani?

Mayina awiri ndiwo amatchulidwa kwambiri. Woyamba ndi Viktor Frankl, dokotala wa matenda a maganizo wa ku Vienna, m'dziko la Austria, amene anabadwa mu 1905 n'kumwalira mu 1997. Poti anali Myuda, boma la Nazi linamugwira mu 1942, ndipo anadutsa m'ndende zozunzirako anthu kuphatikizapo Auschwitz. Bambo ake, mayi ake, mchimwene wake ndi mkazi wake Tilly anafera m'ndendezo. Buku limene analemba atamasulidwa linatuluka mu 1946, ndipo m'Chingerezi limadziwika kuti Man's Search for Meaning. Mfundo yake inali yakuti chimene chimamukoka munthu koposa ndi kufuna chifukwa chokhalira ndi moyo, ndipo chifukwacho chimapezeka pa ntchito imene wagwira, pa munthu amene wamukonda, ndi pa mmene wasenzera mavuto osapeweka. Wachiwiri ndi John Gottman wa ku University of Washington, mumzinda wa Seattle, amene njira yake inali kuonerera. Mu 1986 anakonza kanyumba pa yunivesitepo kokhala ndi khitchini ndi pochezera, mmene okwatirana ankakhalamo usana ndi usiku, makamera akujambula, makina akuyeza kugunda kwa mtima. Iye ndi mkazi wake Julie Schwartz Gottman, amene anakhazikitsa naye Gottman Institute mu 1996, amafotokoza banja lolimba ngati nyumba ya nsanjika zisanu ndi ziwiri. Ya pansi penipeni ndi kumudziwa mnzako, zimene zimamudetsa nkhawa ndi zimene amalakalaka. Ya pamwamba ndi tanthauzo logawana, lopangidwa ndi miyambo ya awiriwo, maudindo awo, zolinga zawo ndi zinthu zimene amaziona ngati zizindikiro za banja lawo. Taonani kuti analiika pamwamba. Anthu amene sapatsana moni m'mawa sangayambire pokambirana masomphenya a zaka khumi.

Ife timakangana za ndalama ndi achibale basi. Zikukhudzana bwanji ndi tanthauzo?

Gottman anapeza kuti pa mikangano 100 ya m'banja, pafupifupi 69 ndi yosatha. Imachokera pa kusiyana kwa chibadwa ndi kakulidwe, ndipo awiriwo adzaibwereza mpaka imvi. Mabanja olimba nawonso ali nayo, kungoti iwo amatha kuikamba, mwina mpaka kuseka, pamene ena amafika pouma, aliyense atakakamira pake. Poumapo, iye amati, kawirikawiri pamakhala loto kapena mbiri imene mwiniwake sanaifotokozepo.

Tiyerekeze mphunzitsi amene mwezi ukangotha amatumiza ndalama kwawo, ya feteleza wa amayi ake ndi fizi ya mng'ono wake. Mkazi wake, yemwe ali ndi kashopu, akufuna agule poloti. Mkangano wawo ndi womwewomwewo mwezi ndi mwezi. "Kodi abambo, munakwatira ine kapena mudzi wonse?" Abambo nawo: "Ndiye mukufuna amayi anga agone ndi njala inu mukudya kuno?" Wongomva angati mkaziyu ndi womana, kapena kuti mwamunayu sanaleke kuyamwa. Mlangizi sathamangira kuwagawira ndalamazo. Amafunsa mwamuna kuti mwezi umene sanatumize amadzimva bwanji, ndipo zimatuluka kuti iyeyo anaphunzira chifukwa amalume ake anagulitsa ng'ombe, moti tsiku limene adzaleke kutumiza adzadziona ngati wakuba. Mkazi akafunsidwa chimene malowo akuimira, amasimba za chaka chimene bambo ake anamwalira, achibale n'kubwera ndi lole kudzasesa m'nyumba, mayi ake n'kutsala ndi ana ndi mphasa. Nyumba yakeyake ndi lumbiro lakuti ana ake sadzaona zimene iye anaona. Ndalama sizinachuluke chifukwa cha macheza amenewa, ndipo mwezi wamawa nkhaniyi idzabukanso. Koma n'kovuta kumutcha womana munthu amene wangokusimbira za lole ija. Apa m'pamene zimatheka kugwirizana zinthu zogwirika: yopita kumudzi idziwike kuchuluka kwake ndipo isamapite mobisa, malo akagulidwa alembedwe mayina a onse awiri.

Nanga mlangizi amachita chiyani mukalowa m'chipinda chake?

Ambiri amapita ngati akupita kubwalo, umboni uli m'manja, kuyembekeza kuti mnzawo akagamulidwe wolakwa. Mlangizi wophunzitsidwa bwino sagamula. M'njira ya a Gottman, amayamba wakumana ndi onse awiri, kenako aliyense payekha, n'kudzawauza pambuyo pake zimene waona. Limodzi mwa mafunso oyamba limaoneka lachibwana: munakumana bwanji? Kafukufuku amene Kim Buehlman, Gottman ndi Lynn Katz anafalitsa mu 1992 anasonyeza kuti kasimbidwe ka mbiri imeneyi kamaulula zambiri za kumene banja likupita. Ena amasimba akulandizana mawu, akumati "ife," ndipo zaka zovuta amazikumbuka monyadira kuti anadutsamo. Ena mbiri yofanana amaisimba ngati chipwirikiti ndi zokhumudwitsa zokhazokha, chifukwa mtima ukawawa munthu amaipitsa ndi zakale zomwe. Njira ina yotchuka ndi imene Sue Johnson ndi Les Greenberg anayambitsa ku Canada m'zaka za m'ma 1980, yoyang'ana kwambiri zimene munthu akumva mumtima. Iyi imaonetsa awiriwo chizungulire chimene agweramo: wina amalondalonda ndi madandaulo, wina amathawira m'chete kapena kumowa, ndipo wolondalonda akamakweza mawu wothawa amathawiratu. Ntchito ya mlangizi ndi kutulutsa mawu amene ali pansi pa ukali. "Mwachedwanso, inu simuganizira munthu" amasanduka "Mukachedwa osandiimbira, ndimaona ngati ndilibe ntchito kwa inu." Oyambawo munthu amawayankha podziteteza. Achiwiriwo ndi ovuta kuwayankha mwamwano.

Imeneyi si ntchito ya ankhoswe, alangizi ndi abusa?

Mbali ina ndi yawodi, ndipo aliyense wonyoza unkhoswe sanauganizire bwino. Zinthu zinayi zija a Gottman amati zimapanga tanthauzo logawana, mwambo wathu umazipereka poyera pa chinkhoswe. Mbali ziwiri zimasinthana tambala ndi msoti, mwamuna amalandira khasu ndi nkhwangwa, mkazi lichero ndi mthiko, ndipo palibe amene amachoka osadziwa udindo wa yani ndi uti. Tchalitchi ndi mzikiti nazo zimauza awiriwo kuti ukwati wawo uli pamaso pa Mulungu. Chimenechi ndi chuma chimene mabanja ambiri a ku Seattle amachita kuyamba kuchipanga okha. Koma tanthauzo lopatsidwa lili ndi malire ake. Mkazi akakhala namwino wogwira ntchito usiku, mwamuna ntchito itamuthera, khasu ndi mthiko zija sizikuwauza kuti asambitse ana ndani, ndipo mwamuna amene anaphunzitsidwa kuti umuna ndi kugula ndiwo amayamba kudziona wopanda pake. Komanso nkhoswe ndi wachibale. Amaimira mbali yake, amamva nkhani ngati mlandu wofuna wolakwa ndi wopepesa, ndipo pali zina zimene munthu sangazinene pamaso pa amalume ake, maka za kuchipinda. Mlangizi wophunzira ndi mlendo wosunga chinsinsi, alibe mbali, ndipo amafunsa funso limene nkhoswe safunsa kawirikawiri: inuyo awiri mukufuna banja lotani? Sikofunika kusankha pakati pa awiriwa. Mlangizi amene amakamba ngati apongozi kulibe adzapereka malangizo osagwira ntchito kunyumba.

Koma cholinga cha banja si ana?

Ana ndi cholinga chachikulu, koma akakhala okhawo banja limakhala pangozi. Mwana woyamba yemweyo amagwedeza nyumba: kafukufuku wa a Gottman anapeza kuti pafupifupi mabanja awiri mwa atatu aliwonse amatsika kukhutira ndi ukwati wawo m'zaka zitatu zoyamba mwana atabadwa. Tulo timachepa, ndalama zimachepa, ndipo awiriwo amayamba kulankhulana za matewera ndi sikelo basi. Ena sabwereranso. Amakhala zaka makumi awiri akuti "tikungokhalira ana," ndipo chitsirizira akapita kukoleji amapezeka atakhala pa tebulo limodzi opanda chokamba. Ndiye pali mabanja amene mphatso ya mwana sinabwere. Bungwe la World Health Organization linanena mu 2023 kuti pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa 6 aliwonse amakumana ndi vuto la kusabereka nthawi ina pa moyo wake, ndipo vutolo limatha kukhala mwa mwamuna kapena mwa mkazi, ngakhale chala chimakonda kuloza mkazi. Tikamati banja ndi ana okha, anthu amenewa timawauza kuti zaka zonse akhala akusamalirana n'zopanda pake, zimene si zoona. Ambiri mwa iwo ndi amene alera ana amasiye a pamtundu.

Kodi tiyenera kukhala ndi maloto ofanana?

Ayi. Wina angafune kubwerera kusukulu pamene mnzake akufuna munda wa mtedza, wina wa Katolika wina wa CCAP. Chofunika n'chakuti loto la mnzako usalione ngati mdani. Eli Finkel wa ku Northwestern University, m'buku lake la mu 2017, anafotokoza kuti ku America ukwati unasintha kuchoka pa kuthandizana kupeza chakudya ndi pogona, kupita pa chikondi, mpaka kufika poyembekeza kuti mnzako akuthandize kukhala munthu amene umalakalaka kukhala. Anthu akufuna zambiri m'banja, koma nthawi imene akulipatsa ndi yochepa, n'chifukwa chake mabanja abwino akukoma kuposa kale pamene ena ambiri akukhumudwa. Limodzi mwa malangizo ake n'lakuti munthu mmodzi asasenzetsedwe zonse: anzako, abale ndi mpingo akhale ndi gawo lawo. Kwathu kuno khamu limenelo lilipo kale. Chimene chimasowa kawirikawiri ndi kachigawo ka awiriwo okha, kamene apongozi ndi alamu salowamo.

Ife tili ndi cholinga chomveka, kumanga nyumba, ndipo mwamuna wanga ali ku Joni chifukwa cha chomwecho. Bwanji tikutalikirana?

Chifukwa cholinga chimatha kudya banja limene chimayenera kulitumikira. Zaka ziwiri zimasanduka zisanu, ndipo mafoni a pa WhatsApp amatsala a matumba a simenti, malata ndi mmisiri amene wathawa ndi ndalama. Mwamuna amayamba kudzimva ngati banki, mkazi ngati kapitawo wa pa chimango. Pano pali phunziro pa zimene Gottman anaona m'kanyumba kaja pa mabanja 130 ongokwatirana kumene. Ankawerenga tinthu ting'onoting'ono: wina akati "taonani mbalame ija," kodi mnzake amatembenuka kapena amangopitiriza zake? Patatha zaka 6, amene anali akadali limodzi anali aja ankayankha kuitana kotere maulendo 86 pa 100, pamene amene anasudzulana ankayankha maulendo 33 okha. Kwa otalikirana, kuitanako ndi chithunzi cha chimanga chimene chamera bwino, kapena uthenga woti "lero kwazizira kuno." Woyankha kuti "simenti yafika?" waphonya. Zimathandiza kukhala ndi nthawi yodziwika ya foni imene za chimango siziloledwa, komanso kugwirizana poyera chaka chobwerera. Cholinga chopanda tsiku lothera chimafunika kuchiunikanso, ndipo onse awiri ali ndi ufulu wofunsa ngati chikadali chawo.

Makolo athu ankangopirira, mabanja awo osatha. Si kupirira kumene kukusowa masiku ano?

Poyamba, zoti kale mabanja sankatha n'zokokomeza. Georges Reniers, pa kafukufuku amene anafalitsa mu 2003 wochokera m'midzi ya ku Rumphi, Mchinji ndi Balaka, anapeza kuti pa maukwati 100 aliwonse, pakati pa 40 ndi 65 ankathera posudzulana, Balaka ili patsogolo. Chiwerengerochi chinali m'gulu la zokwera kwambiri mu Africa, ndipo awa anali anthu a kumudzi, osati a m'tauni oonera mafilimu. Chachiwiri, mawu akuti banja ndi kupirira ali ndi choonadi, koma amasiya funso lofunika: kupirira chiyani, ndipo chifukwa cha chiyani? Kupirira matenda, chaka cha njala, ntchito itatha, kapena khalidwe la mnzako losachedwa kuiwala, pamene nonse mukudziwa chimene mukutetezera, kumalimbitsa banja. Kupirira kwa munthu mmodzi, mnzake akuchita zimene akufuna, ndi chinthu china. Frankl yemwe, amene anthu amakonda kumutchula pa nkhani ya mavuto, ananenetsa kuti tanthauzo limafunidwa m'mavuto osapeweka okha. Ngati gwero la kuvutika lingachotsedwe, chanzeru ndi kulichotsa, ndipo kuvutika popanda chifukwa iye sanakuone ngati ungwazi.

Apa tinene mosapsatira za nkhanza. Kafukufuku wa boma wa za chiwerengero cha anthu ndi umoyo wa 2015-16 anapeza kuti amayi 42 pa 100 aliwonse amene anakwatiwapo m'Malawi anachitiridwapo nkhanza ndi amuna awo, kaya kumenyedwa, kukakamizidwa kugonana kapena kuzunzidwa m'maganizo. Pamene wina akulamulira mnzake ndi mantha, uphungu wokhalira limodzi suyenera, chifukwa chimene wozunzidwa anganene pamaso pa mlangizi akhoza kukachilipira kunyumba usiku womwewo. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa mlangizi amaonana ndi aliyense payekha. Choyamba ndi chitetezo. Lamulo loteteza anthu ku nkhanza za m'banja la mu 2006 limalola khoti kupereka chiletso kwa wochita nkhanza, ndipo kupolisi kuli ofesi ya Victim Support Unit. Wouza mayi wotupa diso kuti afunefune tanthauzo m'mabala ake waipotoza nkhani yonseyi.

Banja lingapezenso tanthauzo pambuyo pa chigololo kapena imfa ya mwana?

Ena amalipeza, koma mochedwa, ndipo silipatsidwa ndi munthu wina. Mawu akuti "zonse zimachitika ndi cholinga," onenedwa pa siwa kwa mayi amene wataya mwana, amatonthoza wonenayo kuposa womva. Frankl anasimba za dokotala wokalamba amene anabwera kwa iye atasweka mtima, patatha zaka ziwiri mkazi wake atamwalira. Frankl sanamulalikire. Anangomufunsa kuti zikanakhala bwanji iyeyo akanatsogola, ndipo mkuluyo anayankha kuti mkazi wake akanavutika koopsa. Apo anaona kuti chisoni chakecho ndi mtengo umene akulipira kuti mkazi wake asachilawe. Mkazi sanabwerere, koma katunduyo anasenzeka. Pa maliro a mwana, awiri amalira mosiyana: wina amafuna kumutchula tsiku ndi tsiku, wina amathawira kuntchito, ndipo aliyense amaganiza kuti mnzakeyo sizikumukhudza. Kungodziwa kuti chete nayenso ndi maliro kumapulumutsa mabanja ena.

Pa chigololo, akatswiri atatu a ku America, Kristina Gordon, Donald Baucom ndi Douglas Snyder, anakonza njira ya magawo atatu. Loyamba ndi kuthana ndi chivomezi chenichenicho: ukali, kusowa tulo, malire a zoyenera kukamba pamaso pa ana. Chibwenzi chija chiyenera kutheratu, ndipo kwa ife tiwonjezere kukayezetsa magazi limodzi. Lachiwiri ndi kumvetsa mmene zinafikira pamenepo, poyang'ana wolakwayo, banja lenilenilo ndi zowazungulira. Lachitatu ndi kusankha kupitirira limodzi kapena padera. Gawo lachiwirilo ndilo anthu amalimva molakwika. Kufotokoza chifukwa sikuchotsa mlandu, ndipo wolakwa amene akuti "mukanandisamala sindikanatero" sanayambe n'komwe. Koma wolakwiridwa amafunika nkhani yomveka mutu wake, chifukwa popanda imeneyo sadziwa chimene angadalire mawa, ndipo foni iliyonse ikalira mtima umadumpha.

Kodi uphungu umenewu umathandizadi?

Umathandiza ambiri, osati onse. Andrew Christensen ndi anzake anatsatira mabanja 134 a ku Los Angeles ndi Seattle amene anali pa mavuto aakulu ndi okhalitsa. Ena analandira uphungu wophunzitsa kusintha khalidwe ndi kulankhulana bwino, ena uphungu umene Christensen anakonza ndi Neil Jacobson, wowonjezerapo kuvomereza zimene mwa mnzako sizidzasintha. Patatha zaka zisanu uphungu utatha, pafupifupi theka la mabanjawo linali bwino mooneka, ndipo pafupifupi limodzi mwa anayi aliwonse linali litapatukana kapena kusudzulana. Mudzamvanso zoti Gottman amatha kulosera chisudzulo molondola koposa maulendo 90 pa 100. Ofufuza ena anatsutsa chiwerengero chimenechi, ponena kuti njira yolosera ikayesedwa pa mabanja ena atsopano kulondola kwake kumatsika kwambiri, choncho musalole munthu kukuuzani kuti waona kale mathero anu. Chimene chili m'manja mwanu ndi nthawi yopitira. Kunyozana kukazika mizu, ntchito imakula. M'Malawi, a St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe ndi ena mwa amene amapereka uphungu wa za maganizo, ndipo sikulakwa kumufunsa mlangizi aliyense kuti anaphunzira kuti ndipo anagwirapo ntchito ndi okwatirana kapena ayi.

Nanga ngati mmodzi sakuonanso chifukwa chokhalira m'banjamo?

Izi zimachitika kawirikawiri: wina wabwera kudzapulumutsa banja, mnzake mwendo umodzi uli kale panja, wangobwera kuti asadzanenedwe kuti sanayese. Kuwayambitsa maphunziro a kulankhulana bwino n'kutaya nthawi. William Doherty wa ku University of Minnesota anakonza uphungu wapadera wa anthu otere, waufupi, wosapitirira maulendo asanu, umene nthawi yambiri mlangizi amaithera ndi aliyense payekha. Cholinga chake si kukonza banja koma kuthandiza awiriwo kusankha ali maso pakati pa njira zitatu: kukhala mmene zilili, kupatukana, kapena kudzipereka miyezi 6 ku uphungu weniweni, nkhani ya chisudzulo itayamba yaikidwa pambali. Aliyense amafunsidwa gawo lake pa zimene zachitika, ngakhale amene akudziona wolakwiridwa, chifukwa khalidwe limene sunalione mwa iwe umalowa nalo m'banja lotsatira. Wotsalayo amalangizidwa kuleka kuchonderera, kuopseza ndi kutumiza achibale motsatizana, popeza zimenezi zimafulumizitsa wochokayo. Ena akamaliza amasankha miyezi 6 ija. Ena amasiyana, ndipo ngati pali ana, chotsalira n'kugwirizana za fizi, za kumene anawo azikhala ndi masiku oonana ndi kholo linalo, zimene khoti likhoza kuzikhazikitsa ngati awiriwo ndi ankhoswe awo alephera kumvana.